Makhansala Okweza Manja

Pali mau amene ndimawamva kawiri-kawiri pakati pa anthu anzeru zao, ndipo ndifuna kutsutsana nao poyera. Iwo amati mbala zazikuru zimakhala ku likulu la dziko, kumene kuli nduna ndi nkhokwe za Boma, koma khonsolo ya tauni yaing'ono siingapweteke munthu, pakuti cuma cace ncocepa, ndiponso onse okhala m'taunimo amadziwana nkhope. Amati khansala ndi mnansi wako, umakomana naye ku maliro ndi ku msika, tsono angakubere bwanji? Ine nditi mau amenewa ngonama, ndipo kunama kwace nkoopsya cifukwa kumagonetsa anthu tulo. Khonsolo ndiyo iri pafupi ndi thumba lako koposa olamulira ena onse. Ndiyo imaika msonkho pa nyumba yako, ndiyo imakupatsa kapena kukumana cilolezo ca sitolo, ndiyo imanena kumene mseu udzadzera ndi kumene zinyalala zidzatayidwa. Koma ngakhale ziri conco, palibe bungwe lina limene anthu amaliyang'anira mwaulesi monga limeneli. Nduna ikatsokomola manyuzipepala onse amalemba. Makhansala asanu akamagawana cuma ca mzinda madzulo, pa mipando ya anthu omvera pamangokhala pfumbi.

Kuti ndisaneneze munthu wa pafupi popanda umboni, nditenga mlandu wa kutali umene unazengedwa kale m'bwalo, nugamulidwa.

Bell ndi kamzinda ka ku America, m'cigawo ca California, kufupi ndi mzinda waukuru wa Los Angeles. Nkakang'ono kotero kuti munthu woyenda pansi angathe kukadutsa ola lisanathe. Pa kalembera wa 2010 munapezeka anthu oposa 35,000 pang'ono, ambiri a iwo anchito osauka ocokera ku Mexico ndi maiko ena a kum'mwera, olankhula Cisipanishi. Kamzindaka kanali m'gulu la mizinda yosaukitsitsa ya dera lonse la Los Angeles.

Kayendetsedwe kace kanali kotere. Anthu amasankha makhansala asanu, ndipo asanuwo amasankha mmodzi mwa iwo okha kukhala Meya. Ukhansala si nchito ya tsiku lonse ai; khansala ali ndi sitolo yace kapena nchito yace, ndipo amabwera ku msonkhano pa masiku oikika. Mphamvu zao nzowerengeka koma nzolemera: kubvomereza dongosolo la ndalama za caka, kuika misonkho, kupanga malamulo ang'ono-ang'ono a mzinda, ndi kulemba kapena kucotsa munthu mmodzi amene amayendetsa maofesi onse tsiku ndi tsiku. Munthu ameneyu tingamuche Kapitao wa mzinda. Nchito yace ifanana ndi ya Town Clerk amene timdziwa kwathu kuno. Mcitidwe wolemba kapitao wotere unayamba ku Staunton, m'cigawo ca Virginia, m'caka ca 1908, ndipo unachuka pamene mzinda wa Dayton unautsata m'caka ca 1914. Amene anauyambitsa anali atatopa ndi akuru a ndale amene anali kugawira abale ao nchito za mzinda. Anati: tilembe katswiri wodziwa mabuku, wosatsata cipani, ndipo osankhidwa ndi anthu akhale pamwamba pace namuyang'anire. Nzeru imeneyi njabwino, ndipo sindiitsutsa. Koma yonse yatsamira pa mau amodzi, akuti namuyang'anire. Mwini munda akalemba kapitao, iye nakagona, zokolola zimadziwa njira ya ku nkhokwe ya kapitao.

M'caka ca 1993 makhansala a ku Bell analemba Robert Rizzo kukhala kapitao wao, pa malipiro a madola 72,000 pa caka. Pa nthawiyo thumba la mzinda linali lowuma, ndipo ambiri amabvomereza kuti pa zaka zoyamba munthuyu anagwira nchito: anacepetsa zoononga, misewu inasesedwa, mabwalo osewerera ana anakhala aukhondo. Makhansala anayamba kumkhulupirira, kenaka anayamba kumdalira, ndipo potsiriza analeka kumfunsa. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pofika 2005 malipiro ace anali atakwera kufika pa madola 442,000, ndipo pangano lace la nchito linanena kuti aziwonjezedwa ndi magawo 12 pa 100 caka ndi caka. Pofika 2010 anali kulandira madola 787,637 pa caka, osawerengera zina zapambali. Pulezidenti wa dziko lonse la America anali kulandira 400,000. Waciwiri wace, Angela Spaccia, anali kulandira oposa 376,000, ndipo mkuru wa apolisi, Randy Adams, amene anali kulamulira apolisi osafika zana limodzi, anali kulandira 457,000, kuposa mkuru wa apolisi a Los Angeles amene ali ndi anthu zikwi-zikwi pansi pace. Kapitaoyo sanali kukhala m'Bell. Anali ndi nyumba ku Huntington Beach, m'mbali mwa nyanja, ndi munda wa akavalo a mpikisano ku cigawo ca Washington.

Owerenga ena afika pano nati: "Eya, nayo mbala yapezeka, nkhani yatha." Ai, abale anga, nkhani yangoyamba kumene. Mbala ziripo m'dziko liri lonse ndi m'mbadwo uli wonse, ndipo khonsolo inaikidwa cifukwa ca comweco. Cofunika kufunsa ndi ici: kodi anthu asanu amene anapatsidwa makiyi anali kuti?

Anali pomwepo, ndipo nao anali kudya. M'caka ca 2005 nyumba ya malamulo ya California inaika lamulo locepetsa ndalama zimene makhansala angalandire cifukwa cokhala m'timabungwe ta mzinda. Koma lamulolo linagwira mizinda yokhayo yoyendera malamulo a cigawo conse. Ku California mzinda ungathe kudzilembera malamulo ace-ace a kayendetsedwe, ochedwa charter, ngati anthu ace abvomera pa cisankho, ndipo mzinda wotero umamasuka ku malamulo ena a cigawo. Caka comweco cisanathe, makhansala a ku Bell anaitanitsa cisankho capadera. Anaciika pa 29 Novembala, patangopita masiku asanu cicitikire phwando lalikuru la Thanksgiving, pamene mitima ya anthu inali ku mabanja ao. Panalibe munthu wopikisana ndi mnzace kuti anthu atekeseke. Pa pepala panali funso limodzi lokha, ndipo funsolo linabvekedwa zobvala zokongola, zakuti mzinda udzilamulire wokha. Ndani angakane kudzilamulira? Anthu 336 anabvomera, 54 anakana. Taonani bwino ciwerengero cimeneco. M'mzinda wa anthu oposa 35,000, amene anatsegula citseko sakanadzaza ngakhale chalichi cimodzi cacikuru.

Cimene cinatsatira ndi cinyengo ca mtundu umene munthu wa ku mudzi sangauganizire, pakuti cinacitika ndi mapepala oyera ndi zidindo. Charter yomweyo inanena kuti malipiro a ukhansala asapitirire a mizinda yina yolingana ndi Bell, conco pa pepala malipirowo anakhalabe ang'ono. Koma mzindawo unali ndi timabungwe tinai: ka zinyalala, ka nyumba za anthu, ka katundu wotsala wa mzinda, ndi ka ngongole za mzinda. Ndani anali mamembala a timabungweti? Makhansala omwewo. Anali kukhala pa mipando yomweyo, m'cipinda comweco, usiku womwewo. Amatseka msonkhano wa khonsolo, natsegula wa kabungwe, nautseka patapita mphindi imodzi kapena ziwiri, natsegula wina. Mabuku a misonkhano anaonetsa kuti timabungwe tina tinali kutha caka cathunthu osakomana konse. Koma kabungwe kali konse kanali kulipira mamembala ace mwezi ndi mwezi, ndipo zonse pamodzi zinafika pafupi-fupi madola 100,000 pa caka kwa khansala mmodzi. Tayerekezani mfumu imene ikhala pa bwalo niweruza mlandu, kenaka ibvula cisoti niti, "Tsopano ndine nyakwawa, ndilipireni," ibvulanso mkanjo niti, "Tsopano ndine mesenjala, ndilipireninso." Pa mudzi ana omwe akanaseka. Ku Bell zinalembedwa m'mabuku ndi mau a cilamulo, ndipo panalibe woseka cifukwa panalibe woonera.

Khansala amene m'kamwa mwace muli nyama ya kapitao sangathe kumfunsa kapitaoyo kanthu. Ici ndico cimake ca mlandu wonse. Rizzo anali kubwereketsanso ndalama za mzinda kwa anchito a m'maofesi, ndi kwa ena a m'khonsolo momwe, kotero kuti amene anayenera kumuyang'anira anasanduka amangawa ace. M'zaka zomaliza malipiro ace anagawidwa m'mapangano angapo osiyana, kuti munthu woona pepala limodzi asadziwe zonse.

Nanga ndalamazo zinali kucokera kuti? Sizinagwe ndi mvula. Msonkho wa nyumba ku Bell unali waciwiri kukwera m'dera lonse la Los Angeles, kuposa wa ku Beverly Hills kumene kumakhala anthu acuma. Pamene John Chiang, mkuru woyang'anira cuma ca cigawo ca California, anasanthula mabuku m'caka ca 2010, anapeza kuti eni nyumba analipitsidwa madola pafupi-fupi 2.9 miliyoni mopyola cimene lamulo limalola. Apolisi anali kulimbikitsidwa kulanda magalimoto a anthu opanda ziphaso zoyendetsera, podziwa kuti ambiri mwa iwo ndi alendo oopa Boma amene adzalipira mwakacetecete kuti aombole galimoto yopitira ku nchito. Eni masitolo ang'ono anali kuuzidwa kulipira ndalama zimene sizinalembedwe m'lamulo liri lonse. Conco mmisiri wosoka, mai wophika zakudya, ndi mnyamata wotsuka magalimoto ndiwo anali kudyetsa akavalo a ku Washington.

M'caka ca 2008 munthu wina wokhala m'mzindamo anamva mphekesera, napita ku ofesi kukafunsa za malipiro a akuru-akuruwo, monga lamulo limamlola. Anapatsidwa pepala lonena kuti kapitao amalandira madola osafika 200,000 pa caka, ndi kuti khansala amalandira 673 pa mwezi. Mlembi wa khonsolo anadzacitira umboni m'bwalo kuti pepalalo linali labodza, ndi kuti Rizzo ndiye anamlamula kulipereka. Coonadi cinaturuka mwangozi. M'caka ca 2010 kamzinda koyandikana nako, Maywood, kanagwa m'mabvuto a ndalama, nikacotsa anchito ace, nikapempha Bell kuti iziyendetsa maofesi ace. Atolankhani awiri a nyuzipepala ya Los Angeles Times, Jeff Gottlieb ndi Ruben Vives, potsata nkhani ya Maywood, anafunsa kuona mapangano a nchito a ku Bell, ndipo sanalole kubwezedwa ndi mau okoma. Nkhani yao inasindikizidwa pa 15 Julaye 2010. Patapita sabata limodzi Rizzo, Spaccia ndi Adams anatula pansi maudindo. Pa 21 Sepitembala anthu asanu ndi atatu anamangidwa. Adams sanaimbidwe mlandu. Rizzo sanakane milandu 69, ndipo mu Epulo 2014 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 12. Spaccia nayenso anapita ku ndende. Mu Malici 2013 bwalo linapeza makhansala asanu, akale ndi a pa nthawiyo, olakwa pa ndalama za kabungwe ka zinyalala, ndipo mmodzi, Luis Artiga, linammasula.

Tsono ndifuna ndikhalitse pa zimene makhansalawo ananena podziteteza, pakuti mau ao ndi amene mudzawamva kwa makhansala a m'tauni iri yonse ya pansi pano tsiku limene zinthu zidzaturukira poyera. Anati sitinadziwe. Anati kapitao ndiye anali kukonza mapepala, loya wa mzinda sanatiuze kuti nkulakwa, ife tinangobvomereza zimene akatswiri anatibweretsera. Woimira Meya Oscar Hernandez anauza bwalo kuti munthu wace sanaphunzire kwambiri, ndipo sanali kutha kuwerenga bwino Cingerezi. Ena anati tinali kugwira nchito usana ndi usiku, kugawa cakudya kwa osauka ndi kuthandiza anthu m'mabvuto ao.

Ine nditi ngakhale mau onsewa akanakhala oona, sakuwacotsera mlandu koma akuwaonjezera. Mlonda amene apezeka ndi katundu wa mbuye wace nati, "Sindinaone wakuba, ndinali m'tulo," waulula colakwa caciwiri. Khansala sanasankhidwe kuti azigawa cakudya. Imeneyo ndi nchito yabwino, koma a mpingo angaicite, ndiponso munthu ali yense wa mtima wacifundo. Pali nchito imodzi yokha imene palibe wina m'mzinda wonse angaicite m'malo mwace, ndiyo kukana kukweza dzanja kufikira atamvetsa cimene akubvomereza. Lamulo linampatsa iye yekha mphamvu yonena kwa kapitao kuti, "Bweretsa pangano lako pano tiliwerenge," ndi yomcotsa nchito akakana. Khansala amene sacita zimenezi ali ngati cidindo ca mu ofesi, cimene cimadinda pepala liri lonse loikidwa pansi pace. Kusiyana kwace nkwakuti cidindo sicilandira malipiro.

Ndidziwa yankho limene ena ali nalo pa milomo. Adzati: ncifukwa cace tiyenera kusankha ophunzira okha-okha. Sindibvomera. Amene anakonza cinyengo ca ku Bell anali anthu a masukulu apamwamba, odziwa malamulo ndi masamu. Ndipo funso limene likanaphwasula zonse silifuna sukulu: "Kodi munthu uyu timamlipira zingati?" Mai wogulitsa tomato pa msika, amene sanaponde m'kalasi, salola kuti umpatse cenje cosakwana, ndipo ukamuuza kuti masamu ace ngobvuta amakuuza kuti uwerengenso pang'ono-pang'ono iye akuona. Cimene cimasowa m'makhonsolo si maphunziro ai, koma kulimba mtima kwa mai ameneyu. Khansala wosaphunzira amacita manyazi pamaso pa kapitao wa tayi, amaopa kuti akafunsa adzaoneka mbuli, conco amagwedeza mutu ngati wamva. Akuru anati safunsa anadya phula. Koma pano phula analidya ndi anthu 35,000 amene sanalakwe kanthu. Ngati munthu sangathe kuwerenga pepala, auze mlembi amwerengere mokweza pamaso pa onse, m'cinenero cimene iye amamva. Akakana kumwerengera, adziwe kuti m'pepalamo muli njoka.

Enanso adzati: popeza makhonsolo ang'ono ngotere, mphamvu zao zilandidwe zipite ku likulu, kumene kuli akatswiri. Awa ndiwo ndimawaopa koposa, cifukwa mau ao amamveka anzeru. Koma taonani zimene a pamwamba anacita pa nkhani ya Bell. Bungwe losunga ndalama za penshoni za anchito a Boma ku California linaona m'caka ca 2006 kuti malipiro a Rizzo alumpha ndi magawo 47 pa 100, ndipo linalola. Kampani yowerengera mabuku a mzindawo inali kulemba caka ndi caka kuti zonse ziri bwino. Kwa munthu wokhala mu ofesi ya kutali, Bell inali mzere umodzi pakati pa mizinda mazana anai ndi mphambu. Sanali kulipira msonkho wa nyumba kumeneko, galimoto yace siinalandidwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Kucotsa khonsolo cifukwa makhansala anagona kuli ngati kugwetsa nkhokwe cifukwa mwalowa makoswe.

Za anthu wamba a ku Bell ndilankhula mofatsa, pakuti sindifuna kukhala ngati munthu wokhuta amene adzudzula wanjala. Ambiri a iwo sanali nzika, conco analibe voti. Ambiri anali kugwira nchito ziwiri, nabwera ku nyumba usiku ali otheratu. Ena anacokera ku maiko kumene munthu wofunsa Boma mafunso sagona m'nyumba mwace. Anthu otere ndiwo mbala za m'maofesi zimawakonda. Komabe coonadi ciyenera kunenedwa: zitseko sizinali zokhoma. Kuyambira 1953 lamulo la California lochedwa Brown Act limalamula kuti misonkhano ya makhonsolo izicitika poyera, ndipo kuyambira 1968 lamulo lina limapatsa munthu ali yense ufulu woona mapepala a Boma. Malamulo onse awiri analipo pa zaka zonse 17 za Rizzo. Munthu mmodzi atafunsa anamnamiza, ndipo bodzalo linagwira cifukwa anali yekha. Akanakhala makumi awiri, obwera mwezi ndi mwezi, wina wofunsa za msonkho, wina za timabungwe ta mphindi imodzi, sindikhulupirira kuti pepala limodzi labodza likanawakwanira onse. Nkhani itaturuka m'nyuzipepala, anthu mazana-mazana anakhamukira ku msonkhano wa khonsolo, osakwana m'cipinda, nadzaza ndi panja pomwe. Anali anthu omwewo, otopa comweco, a nchito ziwiri zomwezo.

Pambuyo pace boma la California linakonza zina. Ofesi ya Chiang inayamba kuika pa intaneti malipiro a anchito a mizinda yonse, kuti munthu asadalirenso pepala la mlembi. Malamulo atsopano analetsa mapangano okweza malipiro a akuru a mizinda okha-okha caka ndi caka mopyola kukwera kwa mitengo, ndipo anaumiriza kuti nkhani ya charter iziikidwa pa cisankho cacikuru cimene anthu ambiri amabwerako. Nyuzipepala ija inalandira mphotho ya Pulitzer m'caka ca 2011. Eni nyumba anabwezeredwa msonkho umene analipitsidwa mopyola, koma ndalamazo zinaturuka m'thumba la mzinda womwewo, limene linatsalanso ndi ngongole ndi milandu ya zaka zambiri.

Pa 8 Malici 2011 anthu a ku Bell anaponya mavoti, ndipo oposa 95 pa 100 ali onse anati makhansala ogwidwawo acoke. Panali khansala mmodzi amene nkhani yace imandibvuta mumtima, dzina lace Lorenzo Velez. Iye analowa m'khonsolo m'caka ca 2009, ndipo anali kulandira madola pafupi-fupi 8,000 okha pa caka, osadziwa kuti anzace okhala naye pa tebulo limodzi akulandira kuposa kakhumi. Sanabe kanthu, sanaimbidwe mlandu, ndipo atadziwa coonadi anauza anzacewo poyera kuti atule pansi maudindo. Pa cisankho cija anaimanso, koma anthu sanamsankhe. Mipando yonse isanu inapita kwa anthu atsopano. Ena anati anthu anamlakwira, pakuti anali yekha wa manja oyera. Ine ndimammvera cisoni ndithu, koma sinditha kuwadzudzula anthu a ku Bell. Iwo anaona munthu amene anakhala m'cipindamo miyezi yambiri, mabuku a mzinda ali pafupi ndi dzanja lace, ndipo za malipiro a kapitao wace anazimva tsiku limodzi ndi iwo, kwa atolankhani ocokera ku Los Angeles.